Dengu la Zilazi Lopita kwa Bwanamkubwa

Nkhaniyi anandiuza ndi Mazi Ekejiuba wa ku Umuogele, tsiku lina mvula itatitsekera m'chisakasa cha mayi wogulitsa uchema pa siteji ya malole ku Aba. Ine ndinkadikira lole ya ku Calabar. Iye sankadikira chilichonse. Ndayenda ine, Kano, Kumba, mpaka ku minda ya koko kutsidya kwa nyanja, ndipo ndinaona kuti munthu amene wangokhala pa siteji wopanda katundu ndiye amakhala ndi nkhani. Ndinamugulira chipanda chimodzi, kenako china, lole yanga n'kundisiya ndikuiona.

Nthawi ya azungu Ekejiuba anali mesenjala wa khoti. Anakulira pamakomo a anthu akuluakulu, ataimirira, ndipo ankati palibe khomo lotere limene sadziwa katsegulidwe kake.

Nkhondo yapachiweniweni itatha, anthu a ku Umuogele anatuluka m'tchire mmene ankabisala n'kupeza malata atasasulidwa, makola ali pululu, nkhokwe za zilazi zatsala mitengo yokhayokha. Ndalama zathu za pankhondo zinali zitasanduka mapepala okulungira fodya. Zonsezo munthu akanapirira. Chowasowetsa mtendere chinali kumwamba. Mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo alionse, amuna anali ataunda kale milu ndi timphamvu tawo totsalato, koma choika m'milumo panalibe. Njala ya zaka zija inadya zonse, ndi mbewu yomwe.

Munthu mmodzi yekha ndiye anali nayo. Dzina lake anali Anozie, ndipo anali Ezeji, udindo umene amapatsa mlimi amene nkhokwe yake inadyetsapo mudzi wonse. Chingwe cha udindowo chinali pa akakolo ake. Nkhondo yonse iye sanaleke kubzala. Anatsegula kamunda mkati mwa nkhalango, kobisika kwa asilikali a mbali zonse ziwiri, koma kankacheperachepera chaka ndi chaka, mpaka zonse zimene anatuluka nazo m'tchire zinakwana m'dengu limodzi lalitali. Zinali za mtundu wa bambo ake, zoyera, zina zazikulu ngati ntchafu ya munthu wodya bwino, zoti chimodzi n'kudulapo mbewu ya milu ingapo. Mwana wawo wamng'ono Nkemjika atayamba kutupa miyendo, mkazi wake Mgbafor anamupempha kuti aphikeko chimodzi. Anozie anati mbewu sadya. Anati chilazi chimodzi sichingachiritse mwana, ndipo mwina ankanena zoona. Mwanayo anamwalira, anamuika m'nkhalango momwemo. Kuyambira pamenepo Mgbafor sanatchulenso za dengulo.

Ndiye kunamveka kuti Bwanamkubwa wa chigawo chathu walandira malole a zilazi za mbewu kuchokera kutsidya kwa mtsinje waukulu, ndipo akugawira midzi imene yapita kukadandaula. Midzi yoyandikana nawo inali itanyamuka kale. Amuna a ku Umuogele anasonkhana pabwalo, ndipo za woyankhula sanakanganepo, pakuti chizungu cha m'maofesi anali nacho ndi Ekejiuba yekha.

"Kuyankhula ndiyankhula," anatero Ekejiuba. "Koma tinyamula chiyani? Kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja. Ngakhale kwa apongozi ako, amene unawalipira kalekale, umanyamula kena kake. Nanga uyu, woti dzulodzuloli ana athu amawombera asilikali ake? Tikangofika manja ali lende adzati anthu awa sanagonje, abwera kudzalamula."

Palibe anatsutsa. Ndi mmene tonse tinaleredwera. Koma mbuzi panalibe, tambala panalibe, ngakhale mtedza wa kola umodzi wosweka. Anthu anayamba kuyang'ana pansi, kenako mmodzimmodzi anayamba kuyang'ana kumene kunakhala Anozie.

"Mukundiyang'aniranji?" anafunsa Anozie. "Ndamera nthenga?"

"Ezeji, usatichititse kunena," anatero Ekejiuba. Awiriwa anali a msinkhu umodzi, ankaitanana iwe.

"Nena, mesenjala. Munda wako ndi pakamwa, lima."

"Kupatsa n'kuika. Dengu limodzi lipite, lole ibwere. Dengu lakolo ukalibzala lidyetsa khomo lako lokha, mwinanso osakwana. Enafe tizidzakuonera pa mpanda. Zidzatsika kukhosi?"

Anozie anapotokola chingwe cha pa akakolo ndi chala. Kenako anati wamva.

Nkhani inafika kunyumba iye asanafike. Anapeza Mgbafor akusenda chinangwa chowawa, cha mtundu umene kale sakanachiyang'ana n'komwe.

"Ndamva kuti Bwanamkubwa akugona ndi njala," anatero Mgbafor osatukula mutu.

"Mkazi iwe."

"Ndiye mwati mukamudyetse. Mwachita bwino. Ndi mwana wa munthu nayenso."

"Akulu agwirizana. Dengu lipita, lole ibwera."

"Mwaiona loleyo?"

"Ekejiuba amadziwa njira za anthu amenewa."

"Ekejiuba amadziwa kutsegulira mzungu chitseko. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Obioha. Wa pachala ndi wa mphepo."

Obioha anali mwana wawo amene anatsala. Anozie anakhala pa mpando wake, nayang'ana kumbali.

"Ndibzale ndekha, ndidzadye ndekha, ana a mchimwene wanga akundisuzumira? Chingwechi ndidule ndiye."

"Gawani pakati. Zina zipite, zina zitsale."

"Dengu losadzaza kwa Bwanamkubwa? Kumeneko n'kutukwana. Bola osapita."

Mgbafor anaika mpeni pansi.

"Bambo a Nkemjika," anatero. Dzina limenelo anali asanamuitanepo nalo, ngakhale mwanayo ali moyo. "Munandiuza kuti mbewu sadya. Ndinamva. Dzenje la mwana lija tinakumba tonse. Tsopano mungondiuza kuti Bwanamkubwayo akazibzala."

Ekejiuba ankati mawu amenewa anawamva kwa Anozie mwini wake panjira, ndipo Anozie anawabwereza kawiri, ngati munthu amene akuyesa kulavula munga.

Kukonzeka kunatenga tsiku lonse. Ekejiuba anati sangapite kukaima pamaso pa boma ngati akaidi. Umphawi suvulidwa pagulu, anatero, munthu wamkulu amamvera munthu amene akudzilemekeza. Choncho anafukula mabokosi amene anakwirira pothawa, natulutsamo nsalu za pa zikondwerero, zonunkha dothi koma zosatha. Mudzi wonse unabwereketsa: uyu nsalu, uyu mikanda, uyu nsapato. Zipewa zofiira anazikutumula, Anozie n'kuzika nthenga yake ya chiombankhanga. Gogo wina anatulutsa kabotolo ka mafuta a kanjedza kamene anakabisa chaka chonse, ndipo amuna asanu opita paulendowo anadzola kumaso, m'mikono ndi m'miyendo, kuti kutuwa kwa njala kusaoneke. Nsalu anazikoloweka paphewa mokuta nthiti. Ekejiuba anavala jekete lake la khoti la mabatani achitsulo. Pamene ankatuluka m'mudzi mmawa mwake, amayi ena anaseka koyamba chithere nkhondo, akuti tayang'anani, tidakali anthu. Mgbafor sanatuluke.

Dengu Anozie anasenza yekha. Anakana kuti wina aliyense amulandire, ngakhale pokwera phiri. Analikuta ndi mphasa, nalimanga ndi luzi.

Anayenda pansi mpaka pa mlatho wogumuka, nawoloka pa bwato, Anozie atakumbatira dengu pamiyendo. Kutsidyako anapeza pamene asilikali anapingasa migolo ndi mtengo pamsewu. Msilikali wina wa mphini m'masaya anatukula mphasa ndi nsonga ya mfuti, ndipo ataona zimene zinali m'katimo anaitana anzake.

"Tsitsa, mdala."

Anozie sanatsitse. Anagwiritsa dengu ndi manja onse awiri. Ekejiuba anabwera kutsogolo akukonza mabatani.

"Tenga, mwanangu," anatero m'chizungu chake cha khoti. "Tenga ziwiri. Ungondipatsa dzina lako ndi la mkulu wako, kuti Bwanamkubwa akafunsa chifukwa chimene dengu lake laperewera ndikadziwe chonena."

Msilikaliyo anayang'ana jekete, nayang'ana zipewa zofiira, nabwezera mphasa pamalo pake. Anawaimitsiranso lole ya makala yopita m'tauni.

"Waona?" anatero Ekejiuba ali pamwamba pa matumba a makala, atayala tsamba kuti asadetse jekete. "Tikanabwera mu nsanza bwenzi pano ukulira. Zovala zayankhula ndisanatsegule pakamwa."

"Ndaona," anatero Anozie. Maso ake anali kumwamba. Kum'mawa kunali kutada, ndipo kunkamveka mabingu a patali.

Boma la chigawo linkagwirira ntchito m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi, makoma ake ali mabowo okhaokha a zipolopolo. Bwalo lonse linali anthu. Panali midzi yambirimbiri, uliwonse utakhala pagulu pake pansi pa mitengo ya mango. Anthu a ku Umuogele atalowa pachipata, phokoso linatsika, anthu n'kuwapatukira njira, poganiza kuti ndi alendo a Bwanamkubwa.

Pamenepo mpamene Anozie anayamba kukayika. Onse amene anali pabwalopo anabwera mmene nkhondo inawasiyira. Amuna anali pamimba mbee, nthiti zikuwerengeka. Ena anavala masaka. Amayi anabereka ana a tsitsi lofiira ndi mimba zotupa, ndipo mudzi wina unanyamula nkhalamba yawo pa chitseko, n'kuigoneka pafupi ndi khonde pomwe aliyense wotuluka angaione. Palibe ananyamula mphatso.

"Taona awa," ananong'ona Ekejiuba. "Abwera ngati akupita kudzala. Ulemu unathera kunkhondo."

Mayi wina wa mudzi woyandikana nawo pamzerepo, wowonda ngati bango, anawayang'ana kuyambira ku nthenga mpaka ku nsapato.

"Abambo inu," anatero, "mwabwera kudzapempha kapena kudzafunsira mbeta?"

Anthu anaseka, kuseka kouma.

"Tabwera ngati anthu a kwawo, mayi," anayankha Ekejiuba.

"Oo. Ifenso tili ndi kwathu. Kungoti kwathuko kulibe mafuta odzola." Kenako ananunkhiza mpweya. "M'dengumo muli chiyani?"

Anozie anakokera dengu pakati pa miyendo yake. Patapita kanthawi anagwira Ekejiuba pa jekete.

"Mesenjala, tiye tibise dengu ili. Tilisiye kunja kwa chipata ndi mmodzi wa ife. Tivule zipewazi."

"Wapenga? Tafika pakhomo, ukufuna tivule?"

"Tayang'ana anthu awa, ndiye utiyang'ane ifeyo."

"Ndawayang'ana. Iwowa awakumbukira ngati gulu la ntchentche. Ife atikumbukira ndi dzina. Khala chete, Ezeji, za minda ndimakusiyira iwe."

Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Bwanamkubwa sanatuluke, ndipo palibe mwa odandaulawo amene ankalowa m'kati. Ankati ali m'chipinda cha pamwamba, cha mawindo otseka. Madandaulo onse ankathera pakhonde, patebulo la mlembi wake, mwana wa mtundu wathu womwe, wa magalasi omanga ndi waya, wooneka kuti sanagone bwino kwa miyezi. Pambali pake panakhala mkulu wa asilikali wa kumpoto, amene sankamva chiyankhulo chathu koma ankaona zonse. Mudzi ukanena zake, awiriwo ankanong'onezana, mlembi n'kunena tsiku limene lole idzafike, kapena n'kunena kuti adikire.

Atamva dzina la Umuogele, Ekejiuba anakwera masitepe ngati akulowa m'khoti. Anayamba ndi kuthokoza Mulungu, kenako boma, kenako Bwanamkubwa, amene anamutcha mtengo waukulu wopumirapo mbalame zonse. Chizungu chinkatuluka chosalala, moti mkulu wa asilikali uja anayamba kumwetulira. Kenako Ekejiuba anakodola Anozie. Anozie anatula dengu patsogolo pa tebulo, namasula luzi, n'kuchotsa mphasa.

Maso a bwalo lonse anali padengu. Ena mwa ana amene anali pamenepo anali asanaonepo chilazi chotero chibadwire.

Mlembi anavula magalasi, natikita m'maso. Atayankhula, sanayankhule chizungu.

"Bambo, mwabwera kudzapempha chiyani?"

"Zilazi za mbewu, bwana," anatero Ekejiuba.

"Nanga izi ndi chiyani?"

"Ndi moni wathu kwa Bwanamkubwa. Sitikanabwera chimanjamanja."

"Anakuuzani ndani kuti mutero?"

"Palibe amauza munthu zimenezi, mwanangu. Bambo ako sanakuphunzitse?"

"Anandiphunzitsa," anatero mlembiyo motsitsa mawu. "Koma tamverani. Malole ndili nawo ochepa, midzi ndi iyi mukuionayi. Amene ali kumbuyo kwanuwa akhala akudya abuluzi. Munthu ali pambali pangayu samva zimene tikunenazi, amangoona. Waona anthu onyezimira, ovala mikanda, opereka zilazi zimene iye sanazionepo ngakhale kwawo. Ndimuuze kuti mudzi umenewu ulibe mbewu?"

"Ndi zokhazi m'mudzi monse. Ndikulumbira."

"Munthu amene watsala ndi dengu limodzi salipereka, bambo. Palibe angakhulupirire zimenezo."

"Iwe ukukhulupirira," anatero Anozie. Anali mawu ake oyamba pakhondepo.

Mlembi anamuyang'ana, nayang'ana chingwe cha pa akakolo, nayang'ana mikono imene mafuta aja anali atauma, kutuwa kukubwerera. Anatembenukira kwa mkulu wa asilikali nayamba kumufotokozera m'chizungu, mofulumira. Mkuluyo sankamvetsera kwenikweni. Anali atatola chilazi chimodzi, akuchiyeza m'manja, akuseka mokondwa. Analoza nkhalamba ya pa chitseko ija, nalozanso nthenga ya Anozie, napukusa mutu. Sanali munthu woipa, Ekejiuba ankatero. Mkuluyo anati Bwanamkubwa adzakondwa kumva kuti kuli midzi imene yayamba kale kudzuka, ndipo anthu otere ndi chitsanzo kwa anzawo. Kenako anaitana asilikali awiri kuti anyamule dengu apite nalo kukhitchini.

"Umuogele idikire ulendo wachiwiri," anatero mlembi, maso ali patebulo.

"Liti?" anafunsa Anozie.

"Malole ena akabwera. Mwina miyezi iwiri, mwina itatu."

Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti chilazi chobzala miyezi itatu mvula itayamba ndi chingwe chabe chokwera mtengo. Asilikali anali atagwira kale dengu uku ndi uku. Anozie anatsegula pakamwa, dzanja litayamba kutambasuka. Ekejiuba anamuponda phazi mwamphamvu. Mphatso salanda. Ngakhale kwa mnzako wa pa mpanda ndi manyazi osatha, nanji kwa Bwanamkubwa, pamaso pa mfuti, nkhondo itangotha kumene. Dzanja lija linabwerera. Dengu linakhota pangodya ya nyumba.

Potsika masitepe mayi wowonda uja sanaseke. Anangowapatukira.

Kunja kwa chipata Ekejiuba anayamba kuyankhula, zoti mlembiyo ndi mwana wosaleredwa, zoti alemba kalata yopita kwa Bwanamkubwa mwini wake, zoti nthawi ya azungu sizikanatheka. Akulu ena atatu aja anakhala pansi m'mbali mwa msewu, nsalu zobwereka zili m'fumbi. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa, akuluakulu, otalikirana.

"Ndikamuuza chiyani?" anatero Anozie. Sanatchule dzina, koma onse anadziwa.

"Tikamuuza tonse. Unali mtima wa mudzi."

"Mudzi sunakumbe nawo dzenje."

Anozie anavula chipewa ndi nthenga yake napatsira Ekejiuba. Anavula mikanda, navula nsapato. Nsalu anaitsitsa paphewa n'kuimanga m'chiuno, nthiti zonse zili pamtunda.

"Ukupita kuti?"

"Pitani kwanu."

Ananyamuka motsatira mpanda, kulondola utsi. Ekejiuba ankati anamutsatira chapatali, chipewa chili m'manja, ndipo zotsatirazi anazionera pa mpata wa malata a mpandawo.

Khitchini inali chisakasa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzala. Khukhi anali bambo wonenepa wa ku Calabar, ndipo anali atayamba kale. Zilazi ziwiri zinali pathabwa, chimodzi chitadulidwa pakati, choyera mbee. Anozie analowa pa kachipata ka otaya zinyalala.

"Choka, choka," anatero khukhi osayang'ana. "Zotsala timapereka madzulo."

"Sindikufuna chakudya. Ndikufuna mitu."

"Mitu ya chiyani?"

"Ya zilazizo. Kumene kukutuluka mphukirako. Mumataya, n'kowawa, Bwanamkubwa sangadye. Mundipatse ine."

"Ukudziwa kuti ndi za ndani zimenezi? Akakupeza muno asilikali, tonse tiona zakuda. Tuluka, mdala."

Anozie anagwada. Munthu wa chingwe pa akakolo sagwadira munthu, ngakhale mfumu. Anagwada m'matope a madzi otsukira mbale, manja ali patsogolo ngati mwana wolandira mchere. Khukhi anatembenuka mpeni uli m'manja, ndipo anaona chingwecho.

"Dzukani, bambo. Mukundiitanira tsoka."

"Zinali za bambo anga. Mwana wanga ndinamumana."

Khukhi anayang'ana uku ndi uku. Kenako anagwira chilazi chija n'kudula mutu, osati pang'ono mmene amadulira ophika, koma chigawo chonse ngati chikhatho cha munthu. Anadulanso chinacho. Posenda anasenda mokhuthala, khungu likupita ndi mnofu, mwakuti Bwanamkubwa akanaona akanamuchotsa ntchito.

"Zinazo atsekera m'sitolo, kiyi ali ndi sajeni," anatero. "Amatulutsa ziwiri, mwina zitatu patsiku. Sindingakubereni."

"Ndidikira."

"Mudikira pati?"

Anozie analoza mulu wa nkhuni zosawaza.

Ekejiuba ndi anzake anabwerera kumudzi opanda iye. Mvula inawapeza panjira, mvula yeniyeni yobzalira, ndipo analowa m'mudzi atanyowa, nsalu za eni ake zikuchucha utoto. Anthu anali atakhala m'makonde kudikira kulira kwa lole. Ekejiuba anapita yekha kwa Mgbafor kukapereka chipewa. Mgbafor anachilandira, nachiyang'ana.

"Wafa?"

"Ayi, mlamu. Watsala akukonza zina."

"Dengu?"

Ekejiuba anayamba kufotokoza za mlembi wosaleredwa. Mgbafor analowa m'nyumba iye ali pakati pa mawu.

Masiku amenewo, ankatero Ekejiuba, anali oipa kuposa a nkhondo. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku pa milu yopanda kanthu, udzu n'kuyamba kumera pamwamba pake. Midzi ina lole zinafika, ndipo a ku Umuogele ankamva kulira kwake patali, zikudutsa pa msewu waukulu. Amayi anayamba kuzika mitengo ya chinangwa m'milu ya amuna awo, chinthu chimene kale chikanautsa mlandu. Palibe ankapita kunyumba kwa Ekejiuba. Za Anozie kunalibe uthenga. Ena ankati asilikali amugwira akuba, ena ankati wadziponya mu mtsinje pa mlatho wogumuka paja chifukwa cha manyazi. Mgbafor ankapita kumunda mmawa, n'kuzula udzu pa milu ya mwamuna wake, koma chinangwa sanazikemo.

Anozie ankawaza nkhuni kuseri kwa khitchini ya Bwanamkubwa, akugona m'chisakasa cha nkhunizo. Chilazi chilichonse chikatuluka m'sitolo, mutu wake unkagwera m'dzala mbali imene anagwirizana ndi khukhi. Iye ankautola, n'kupaka phulusa pabala kuti usawole, n'kuuika pamthunzi. Ankawerenga zilazi zake zikudyedwa, ndipo tsiku limene Bwanamkubwa anapita kukayendera dera lina, osaphikitsa kanthu, Anozie anakhala tsiku lonse akuyang'ana mvula ikugwa. Ankapempherera kuti munthu amene akudya mbewu yake akhale ndi njala, adye msanga.

Anafika kumudzi masana ena, mvula yoyamba itapita kale, atavala saka, nsalu yobwereka ija ataisandutsa phukusi pamutu. Sanalowe m'nyumba. Anapitirira mpaka kumunda, kumene anapeza Mgbafor, natula phukusi pakati pa milu n'kulimasula. Munali mitu yotuwa ndi phulusa, ina itayamba kale kutulutsa mphukira, ndi makoko okhuthala aja. Mgbafor anatola mutu umodzi, nautembenuza.

"Bwanamkubwa wakhuta?" anafunsa.

"Wakhuta."

Anabzala awiriwo mpaka dzuwa kulowa. Ekejiuba ankati pafupifupi yonse inamera, ngakhale makoko, ndipo ngakhale zokolola zinali tizilazi tating'ono ngati nkhonya, Anozie sanadyeko n'chimodzi chomwe, anagawira mudzi wonse chaka chotsatira. Ankati chilazi chilichonse chimene mungadye ku Umuogele lero ndi mdzukulu wa mitu ya m'dzala la Bwanamkubwa. Ponena zimenezi anamenya tebulo, chipanda n'kugwa.

Ine miyendo yanga siimva kukhala. Patapita zaka ndinadutsira ku Umuogele ndikugulitsa mankhwala a njoka za m'mimba. Anozie anali atamwalira, Ekejiuba nayenso. Mgbafor ndinamupeza, wokalamba kwambiri, akuwotha dzuwa pakhomo pa Obioha. Ndinamufunsa za chaka chimenecho.

"Tinadya chinangwa," anatero. "Chaka chinacho, chinangwa."

"Nanga mitu ija, mayi? Imene bambo anabwera nayo kuchokera kukhitchini?"

"Anakuuzani ndi Ekejiuba?"

"Eya."

"Ankatha kuyankhula amene uja."

Sananene kuti ndi bodza, ndipo sananene kuti ndi zoona. Anandifunsa ngati mankhwala anga amathandizanso nyamakazi. Madzulo Obioha anandiphikitsira chilazi, ndipo chinali chabwino, koma chinali cha mtundu umene mungaugule pa msika uliwonse kuchokera ku Aba mpaka ku Makurdi.

Za dengu ndikukhulupirira. Za mafuta odzola, za mlembi, za lole imene sinabwere, zonsezo ndikukhulupirira, chifukwa ndikanakhala pabwalo lija inenso ndikanati kwa munthu wamkulu sapita chimanjamanja. Koma za khukhi ndi mitu zinachokera pakamwa pa munthu mmodzi, amene anaona tsiku limodzi lokha pa mpata wa malata, ngati anaonadi, ndiponso amene mawu ake ndiwo anatulutsa dengulo m'nyumba ya Mgbafor. Munthu wotero amafunika kuti mitu imere. Ine ndikukayika kuti inamera, ndipo nthawi zina ndimakayika ngati Anozie anabwera ndi kanthu kalikonse m'phukusimo.